Loya ali pakhomo koma ali pantchito: tsiku lake limayenda bwanji?

Makolo ambiri akamva kuti mwana wawo akufuna kudzakhala loya, m'maganizo mwawo mumabwera munthu wovala mkanjo wakuda, ataimirira pamaso pa jaji, akupanikiza mboni ndi mafunso mpaka kuisowetsa chonena. Ophunzira athu nawonso amaganiza chimodzimodzi, poti ndi zimene amaona m'mafilimu ndi kumva pa wailesi. Ndiye taganizirani kholo limene lavutika ndi fizi zaka zonsezo. Mwana wamaliza digiri, ntchito waipeza ku ofesi ya maloya, koma Lachiwiri m'mawa kholo lija likumupeza ali m'chipinda, wavala zapakhomo, maso ali pa laputopu. Oyandikana nawo nyumba ayamba kale kunong'onezana kuti ntchito ija inatha.

Ntchitoyo sinathe ayi. Mu 2020, chaka chimene sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi poopa Covid-19, maofesi ambiri anaphunzira kuti ntchito zina zimatheka munthu ali kunyumba. Mliri utachepa anthu anabwerera m'maofesi, ndipo maloya ochuluka kuno kwathu amapitabe ku ofesi tsiku ndi tsiku. Komabe chizolowezi chija sichinatheretu. Alipo amene abwana awo amawalola kugwirira ntchito kunyumba masiku ena, makamaka tsiku limene alibe mlandu kukhoti koma ali ndi zambiri zoti awerenge ndi kulemba. Tiyeni tilondole tsiku limodzi lotere, kuti ophunzira amene akulakalaka ntchitoyi aidziwe mmene ilili, ndipo makolo adziwe chimene chimachitika kuseri kwa chitseko chotsekacho.

Loya watsopano ndi ndani?

Tikunena za munthu amene wangomaliza kumene maphunziro. Njira yake ndi yaitali. Akakhoza bwino MSCE amapita ku yunivesite kukachita digiri ya zamalamulo yotchedwa LLB. Sukulu yakale kwambiri yophunzitsa zamalamulo m'Malawi ili ku University of Malawi ku Zomba, kumene ambiri amakutchabe Chancellor College, ngakhale masiku ano kuli mayunivesite enanso ophunzitsa zomwezi. Digiri payokha simpatsa munthu mphamvu yoimira anthu kukhoti. Kulinso sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, imene inakhazikitsidwa kuti izisula omaliza digiri pa ntchito yeniyeni ya uloya. Pamapeto pake munthu amapempha khoti kuti limulandire, amalumbira pamaso pa Jaji Wamkulu, dzina lake limalembedwa m'kaundula wa maloya, ndipo amakhala membala wa Malawi Law Society. Chiphaso chogwirira ntchito amachikonzanso chaka ndi chaka.

Ngakhale walumbira, zaka zoyamba amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi loya wamkulu. Chimene walemba sichituluka mu ofesi wamkuluyo asanachione. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa tikumana nayonso masana.

Kuti tsikuli limveke, tiyerekeze mtsikana amene wangoyamba ntchito, ndipo lero akugwirira kunyumba kwa makolo ake. Mwa mafayilo amene ali nawo, imodzi ndi ya bambo wina amene anali mlonda pakampani kwa zaka 7. Katundu atasowa, anangouzidwa kuti asabwerenso. Bamboyu alibe ndalama yolipira loya. Ofesi yatenga mlandu wake ngati ntchito yaulere, poti lamulo limafuna kuti maloya azithandizako osauka popanda malipiro. Anthu ena otere amathandizidwa ndi Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira amene sangakwanitse kulemba loya.

7:30 m'mawa: kuwerenga masiku

Chinthu choyamba chimene loya wathu amatsegula si buku la malamulo, koma kalendala. Akuluakulu amati mlandu suwola. Pa milandu ikuluikulu ya upandu mawuwa ndi oona, koma pa milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake lamulo linaika malire a nthawi. Wofuna kusumira mnzake chifukwa cha ngongole kapena kuphwanya pangano ali ndi zaka 6. Wovulala pangozi amene akufuna chipepeso ali ndi zaka 3. Kumbali ya mlonda uja nthawi ndi yochepa kwambiri: gawo 62 la Employment Act, lamulo la zantchito la chaka cha 2000, limapereka miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa ntchito kuti munthu akadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, kumene ambiri timangoti ku Leba.

Choncho mtsikanayu amatenga tsiku limene bamboyo anachotsedwa, n'kuwerenga kutsogolo. Akapeza tsiku lomaliza amalilemba ndi inki yofiira, kenako amalemba tsiku lina la sabata ziwiri m'mbuyo mwake, limene ndilo amadziikira yekha. Amatero chifukwa magetsi akhoza kuzima, mwini mlandu akhoza kudwala, kapena maliro akhoza kugwa. Munthu akachedwa, mbali inayo imayambira pomwepo kunena kuti nthawi inatha, ndipo m'malo mokambirana ngati mlonda analakwiridwa, anthu amatha miyezi akukangana za masiku. Loya amene waphonya tsiku amakhala wamulakwira munthu amene anamukhulupirira, ngakhale atadziwa malamulo onse pamtima.

Atatha kalendala amaona maimelo ndi mauthenga a pa WhatsApp ochokera ku ofesi, n'kulemba papepala zinthu zimene ziyenera kutha lero, kuyambira chimene sichingadikire.

8:30: msonkhano wa pafoni

Maofesi ambiri amene amalola ntchito ya kunyumba amayamba tsiku ndi kamsonkhano kochepa pa Zoom kapena pafoni. Aliyense amanena chimene akugwira ndi pamene wafika. Kwa loya watsopano mphindi zimenezi ndi zamtengo wapatali. Mnzake amene ali ku ofesi amaphunzira zambiri pongomva wamkulu akuyankhula ndi kasitomala m'chipinda china, kapena pomufunsa akudutsa pakhonde. Wakunyumba alibe mwayi umenewo. Iye ayenera kusonkhanitsa mafunso ake usiku, kuwalemba, n'kuwafunsa momveka nthawi ikapezeka. Safunsa anadya phula, ndipo pantchito imeneyi phulalo amadya ndi mwini mlandu.

Lero wamkulu wake wamupatsa malangizo atatu pa fayilo ya mlonda: amuimbire foni kuti amve nkhani yonse bwinobwino, afufuze chimene lamulo likunena, ndipo pofika 3 koloko masana atumize kalata yopita ku kampani kuti aione.

9 koloko: kumva nkhani

Malamulo athu analembedwa m'Chingerezi, ndipo makhoti amalemba zigamulo m'Chingerezi, koma anthu ambiri amene amafuna thandizo amafotokoza mavuto awo m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'chiyankhulo china cha kwawo. Loya amakhala pakati. Amamva nkhani m'chiyankhulo cha mwini wake, n'kuisandutsa mfundo zimene khoti lingagwiritse ntchito, osawonjezera kapena kuchotsera.

Munthu wopwetekedwa mtima safotokoza mwandondomeko. Bambo uja ayamba ndi lendi imene sanalipire, apita kwa mwana amene wabwezedwa kusukulu, abwerera kwa kapitawo amene ankadana naye kuyambira kale. Mtsikanayu amawalola kuti amalize, kenako amafunsa modekha. "Bambo, ntchitoyi munayamba mwezi wanji, chaka chanji? Anakupatsani kalata pokulembani? Nanga pokuchotsani? Malipiro munkalandira pamanja kapena ku banki? Asanakuchotseni, alipo amene anakuitanani kuti munene mbali yanu?"

Pa funso lomalizali bamboyo akuyankha kuti anaitanidwa ku ofesi ya manijala. Apa loya amatchera khutu kwambiri, chifukwa mlandu wonse ukhoza kutembenukira pamenepa. "Mutalowa, anayamba kuyankhula ndani? Anakuuzani chimene akukuganizirani? Munapatsidwa mpata woyankha? Munalipo angati? Munasaina pepala lililonse?" Kuitanidwa kuti ukauzidwe kuti ntchito yatha n'kosiyana ndi kuitanidwa kuti ukadziteteze. Loya wabwino amafunsanso zimene mwini mlandu sakufuna kunena, monga ngati analandirapo kalata ya chenjezo. Ndi bwino kumva zoipazo lero pafoni kusiyana ndi kudzazimva koyamba kukhoti kuchokera kwa loya wa mbali inayo.

Foni ikatha, amalemba zonse nthawi yomweyo, ndi tsiku ndi ola lake, asanaiwale. Amapemphanso bamboyo kuti ajambule mapepala onse amene ali nawo n'kuwatumiza, koma enieniwo awasunge pouma.

10 koloko: kuwerenga lamulo

Gawo lalikulu la tsiku limathera apa, ndipo n'limene mafilimu saonetsa. Lamulo limapezeka m'malo awiri. Oyamba ndi malamulo olembedwa: malamulo oyendetsera dziko a chaka cha 1994, amene ali pamwamba pa onse, ndi malamulo ena opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Achiwiri ndi zigamulo za makhoti. Dongosolo limeneli tinalitengera ku England, kumene malamulo ake anayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1902, nthawi ya atsamunda. Khoti lalikulu likamasulira lamulo, makhoti a pansi pake amayenera kutsata. Chimene yanena Supreme Court of Appeal chimamanga High Court, ndipo chimene yanena High Court chimamanga makhoti a majisitireti ndi khoti la zantchito lotchedwa Industrial Relations Court, kumene mlandu wa mlonda ungakafike zikakanika ku Leba.

Kale munthu ankayenera kupita ku laibulale ya khoti kukasanthula mabuku. Lero zigamulo zambiri ndi malamulo zimapezeka kwaulere pa intaneti, pa tsamba la MalawiLII, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zachititsa kuti ntchito ya kunyumba itheke.

Mtsikana wathu akuyamba ndi gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko, limene limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Kenako akutsegula Employment Act. Gawo 57 likunena zinthu ziwiri: wolemba ntchito asachotse munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthuyo ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Gawo 61 likuika udindo wopereka chifukwacho pa wolemba ntchito. Kunena kwina, si mlonda amene ayenera kutsimikiza kuti sanabe. Kampani ndiyo iyenera kuonetsa chifukwa chimene inamuchotsera ndiponso kuti inachita mwachilungamo.

Tsopano akubwera masamu. Munthu wochotsedwa mopanda chilungamo amayenera kulandira ndalama imene gawo 35 limaitcha severance allowance. Kawerengedwe kake kanasinthidwa mu 2010, ndiye amene akugwiritsa ntchito buku lakale apeza yankho lolakwika. Pakali pano ndi malipiro a sabata 2 pa chaka chilichonse chathunthu kuyambira choyamba mpaka chachisanu, sabata 3 pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi sabata 4 kuyambira cha 11 kupita m'tsogolo. Kwa mlonda wa zaka 7, zaka 5 zoyamba zikupereka sabata 10, zaka 2 zotsalazo zikupereka sabata 6, zonse pamodzi malipiro a sabata 16. Kupatula apo pali chipepeso cha gawo 63, chimene khoti limagamula poona mmene munthu wavutikira. Kwa amene wagwira ntchito zaka zopitirira 5 koma zosapitirira 10, chipepesocho sichichepera malipiro a sabata 2 pa chaka chilichonse.

Akatha apa amafufuza zigamulo zofanana ndi nkhaniyi. Sikokwanira kupeza chigamulo chimene chikukukomera. Ayenera kuchiwerenga chonse, kuona khoti limene linachipereka, ndi kufufuza ngati khoti lalikulu silinachisinthe pambuyo pake. Ayeneranso kufunafuna zigamulo zotsutsana ndi mbali yake, chifukwa loya saloledwa kusocheretsa khoti, ndipo mnzake wa mbali inayo adzazipeza ndithu. Njira zachidule zilipo, ndipo zagwetsa anthu. Mu Juni 2023 jaji wina ku New York analipiritsa maloya awiri ndi ofesi yawo madola 5,000 chifukwa anapereka kukhoti milandu imene sinachitikepo. Anaitenga pa ChatGPT osaitsimikiza. Munthu amene ali yekha m'chipinda, palibe womuona, ndi amene mayesero otere amamupeza msanga.

12 koloko: nyumba ili ndi zake

Pofika masana pakhomo padzadza. Ana abwera kusukulu, wailesi yatsegulidwa, alendo afika. Mayi akugogoda: "Iwe poti uli pompano, tathamangira kumsika ukagule tomato." Amalume nawo abwera ndi mapepala a malo amene akukanganirana ndi mnansi wawo, akuti mwana wathu ndi loya, angoonako pang'ono.

Palibe amene ali ndi cholinga choipa. Kwathu kuno munthu amene ali pakhomo ndi wopezeka, ndipo mwana sakana kutumidwa. Koma maola amenewa anagulidwa kale ndi amene anamulemba ntchito, ndipo kalata ija ikufunika 3 koloko. Mtsikanayu amayankha mwaulemu: "Mayi, ndiweruka 5 koloko, ndikatero ndipita." Kwa amalume amafotokoza kuti nkhani ya malo siyankhidwa munthu ataimirira pakhonde. Malangizo opereka mothamanga, osaona mapepala onse, akhoza kuwataitsa malowo. Komanso iye ali pansi pa ofesi, ndipo ofesi isanatenge mlandu imayamba yaona ngati munthu wa mbali inayo si kasitomala wake kale. Chimene angachite ndi kuwauza kumene angapite ndi mapepala amene ayenera kutenga.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi chinsinsi. Zimene munthu wauza loya wake ndi zotetezedwa ndi lamulo, ndipo loya amene waziulula akhoza kulangidwa, ngakhale kufufutidwa m'kaundula. Ku ofesi kuli makabati okiya ndi zipinda zotseka. Kunyumba kuli mng'ono wofuna kubwereka laputopu kuti aonere mpira, mlongo wofuna pepala loyatsira mbaula, ndi khoma lopyapyala limene mawu amadutsa. N'chifukwa chake loya wakunyumba amaika pasiwedi pa laputopu ndi pafoni, amavala mahedifoni poyankhula, amatsekera mafayilo m'chikwama chokiya, ndipo pepala lolakwika salitaya m'dzala osaling'amba. Pa chakudya chamasana akafunsidwa kuti lero zikuyenda bwanji, amangoti zikuyenda. Makolo asakhumudwe nazo. M'tauni yaing'ono, kungotchula kuti mlonda wina wa zaka 7 n'kokwanira kuti wina amuzindikire.

1:30 masana: kulemba

Kalata yopita ku kampani ndi ya tsamba limodzi ndi theka, koma imadya maola awiri. Iyenera kunena amene ofesi ikumuimira, zimene zinachitika ndi masiku ake, gawo la lamulo limene laphwanyidwa, ndalama imene ikufunidwa ndi mmene yawerengedwera, ndiponso tsiku limene yankho likuyembekezeka. Isakhale ndi mawu onyoza kapena oopseza, isanene chinthu chimene mwini mlandu sangachitsimikize, ndipo isaulule zimene zingamupweteke. Milandu yambiri imathera pa makalata otere ndi pa zokambirana, osafika pamaso pa woweruza. Kalata yolembedwa bwino ikhoza kumupezetsa mlonda ndalama yake m'sabata zochepa, pamene kukhoti akanadikira nthawi yaitali.

Ali mkati molemba, magetsi azima. Wozolowera ntchito ya kunyumba amakhala atakonzekeratu: laputopu anaitchaja usiku, zigamulo zofunika anazisunga mu kompyuta m'mawa intaneti ili bwino, ndipo bandulo ya foni anagula yokwanira. Kuzima kwa magetsi sikusuntha tsiku limene khoti linaika.

Nthawi ya 3 koloko isanakwane kalata yapita kwa wamkulu. Patapita mphindi 40 yabwerera itadzaza ndi zofiira. Ndime yoyamba yafupikitsidwa. Pamene iye analemba kuti kampani inanamizira bamboyo kuba, wamkulu wasintha kuti kampani sinapereke umboni uliwonse, chifukwa choyambacho n'chovuta kuchitsimikiza pamene chachiwiricho n'chimene lamulo likufuna. Pambali walembapo funso: kodi masiku a tchuthi amene bamboyo sanapite mwawawerengera? Anali ataiwala. Akuimbanso foni, akuwerengeranso, akukonza.

Wophunzira amene amakwiya mphunzitsi akamuchongera ndi inki yofiira aganizirepo apa. Loya watsopano amachongeredwa tsiku lililonse, ndipo amene amakula msanga ndi amene amafunsa chifukwa chimene mawu ake asinthidwira.

4:30: kutseka tsiku

Asanatseke laputopu amalemba nthawi imene wathera pa fayilo iliyonse. M'maofesi akuluakulu a ku London ndi Johannesburg ola amaligawa m'zigawo 10 za mphindi 6, ndipo chigawo chilichonse chimalembedwa. Kuno kwathu kalembedwe kamasiyana ofesi ndi ofesi, koma cholinga n'chimodzi: kasitomala alipire nthawi imene yagwiradi ntchito yake, ndipo bwana adziwe kumene tsiku lapita. Wakunyumba palibe amene amamuona akulowa kapena kutuluka. Akalemba maola 3 pamene wagwira 2, wamubera munthu, ngakhale palibe amene angamugwire.

Kenako amatumizira bambo uja uthenga wachidule m'Chichewa, kuwauza chimene chachitika lero, chimene chitsatire, ndi tsiku loti adzapite ku Leba. Anthu ambiri amene amadandaula za maloya amadandaula kuti sauzidwa kanthu. Kwa loya iyi ndi fayilo imodzi mwa zambiri, koma kwa mlonda ndi nkhani yokhayo imene amagona nayo ndi kudzuka nayo.

Pomaliza amakonza za mawa, limene ndi tsiku la ku ofesi. Pali zinthu zimene sizichitikira m'chipinda chogona. Mboni imene ikupereka umboni wolembedwa iyenera kulumbira ndi kusaina pamaso pa munthu wololedwa kulumbiritsa. Mapepala ena ayenera kukaperekedwa kukhoti ndi kudindidwa. Munthu amene ali m'chitokosi cha apolisi, amene malamulo oyendetsera dziko amati afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, amafuna loya wofika pamalopo. Ndipo tsiku la mlandu mkanjo wakuda uja umavalidwa ndithu. Kungoti mphindi 20 zimene loya amayankhula pamaso pa jaji zimachokera m'masiku ambiri onga limene talondolali.

Vuto lomaliza la wogwirira kunyumba ndi kuweruka. Wa ku ofesi akakwera minibasi ntchito yatsala m'mbuyo. Wakunyumba ofesi yake ili pafupi ndi bedi, ndipo uthenga wa 9 koloko usiku umamupeza. Masiku ena sizipeweka, makamaka mlandu ukayandikira. Koma amene satseka laputopu tsiku lililonse amatopa, ndipo wotopa ndi amene amaphonya tsiku pa kalendala. Nthawi ya 5 koloko ikakwana mtsikana uja amatenga jumbo n'kupita kukagula tomato uja.

Kwa makolo

Ngati muli ndi mwana wogwirira ntchito kunyumba, kaya ndi loya, wowerengera ndalama kapena wa zamakompyuta, thandizo lalikulu limene mungamupatse silifuna ndalama. Gwirizanani maola amene sayenera kutumidwa. Mupatseni ngodya ya nyumba imene ana safikako, ngakhale ndi tebulo laling'ono. Musamufunse za anthu amene akuwathandiza, ndipo achibale akabwera ndi milandu yawo, muwauze inuyo kuti adikire aweruke. Oyandikana nanu akafunsa ngati ntchito inatha, yankho mukulidziwa tsopano.

Zomwezi zikukhudzanso mwana wa Fomu 2 kapena Fomu 4 amene ali ndi buku m'manja. Nayenso amaoneka ngati wangokhala. Nyumba imene imalemekeza ola limodzi la kuwerenga ikumuphunzitsa mwanayo kulemekeza ntchito ya mutu.

Kwa ophunzira

Mukaonetsetsa tsiku lonseli, palibe pamene loya wathu anafunika kukhala wolongolola. Anafunika kuwerenga masamba ambiri osatopa ndi kumvetsa chimene akunena. Anafunika kulemba Chingerezi cholunjika ndi kumva bwino chiyankhulo cha kwawo. Anafunika masamu a kuchulukitsa ndi kuphatikiza, kusunga nthawi popanda belu, kulandira chidzudzulo, kusunga chinsinsi, ndi kunena zoona pamene palibe womuona.

Zonsezi zimayambira pa sukulu pano. Mukapatsidwa ntchito ya Lachisanu, dziikireni Lachitatu. Mukawerenga ndime m'buku la History kapena Social Studies, tsekani bukulo n'kulemba mfundo zake m'mizere itatu, kenako muzifotokozere agogo anu m'chiyankhulo chawo. Mnzanu akakuuzani za kumtima kwake, zithere mwa inu. Nthawi ya prep mphunzitsi akatuluka m'kalasi, onani chimene manja anu amachita. Amene ali ndi foni kunyumba apemphe chilolezo kwa makolo, atsegule MalawiLII, asankhe chigamulo chimodzi chachifupi cha Industrial Relations Court, n'kuyesa kuyankha mafunso atatu: anadandaula ndani, ankafuna chiyani, ndipo khoti linagamula bwanji ndi chifukwa chake. Mukafika kumapeto muli ndi chidwi chofuna kuwerenga china, bwerani mudzacheze ndi aphunzitsi oona za uphungu wa ntchito kuti muyambe kukonzekera maphunziro amene akufunika.